Nkhondo ya Kabakuli ka Monalisa

Tcherani khutu, inu a m'chigwa cha Luangwa, inu a ku Chikwa ndi a ku Tembwe, ndi inunso antchito a boma amene munaponyedwa kuno ndi kalata ya chidindo n'kumalira mukakumbuka magetsi a ku Kitwe! Tsamiritsani makasu, tsekani mafaelo, pakuti ndikuti ndisimbe za nkhondo imene inagwedeza boma la Chama m'chaka cha 1996, chaka chachinayi chichokereni chilala cha chimanga chachikasu, m'masiku amene salaula, zovala za kaunjika zija, inali itasefukira pamsika mpaka woweta mbuzi ankayenda ndi chijasi cha m'chisanu cha kwa Azungu dzuwa lili paliwombo. Nkhondoyi sinali ya malire a minda ayi, sinali ya njovu zodya mapira ayi. Inali ya kabakuli ka buluu, ka chivundikiro chong'aluka pambali, kamene mtsikana wina ankanyamuliramo chakudya cha kusukulu. Musaseke. Anthu akuluakulu a m'nyumba imodzi anasiya kupatsana moni chifukwa cha kabakuli kameneka.

Ngwazi ya nkhaniyi ndi a Tisiyenji NyaGoma, Mvuu ya ku Tembwe, Mwini Chiwaya, Mkazi Wosaphonya Mchere, iwo amene mafuta akangomva mapazi awo amayamba okha kuwira. Mayiwa anabwera pa boma kudzakhala kwa mlongo wawo, a Albert Goma, kalaliki wa ku ofesi ya zaulimi, atangoika m'manda mwana wawo mmodzi yekhayo, Jestina. Ndinene mosabisa, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Jestina anatengedwa ndi matenda aja amene anthu ankaopa kuwatchula dzina n'kumangoti kaliwondewonde. Anaonda mpaka chitenje chinkamuzungulira kawiri ndi theka, ndipo asanamwalire n'komwe anthu anali atamuika kale m'manda ndi pakamwa. Akamadutsa, amayi pachitsime ankalozerana ndi milomo, ena n'kumasuntha ndowa zawo. A Tisiyenji anaziona zonsezo ndi maso awo. Tsiku lochoka ku Tembwe analumbira pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa dalaivala wa lole kuti malinga iwo ali moyo, mwana wa magazi a Goma sadzaondanso.

M'nyumba ya a Albert anapezamo pogwetsera lumbiro lawo: Monalisa, mwana wa mlongo wawoyo, mtsikana woseka ndi mano onse. Kwa zaka ziwiri chiwaya sichinazizire. Zitumbuwa podzuka, zitumbuwa popita kusukulu, zitumbuwa pobwera, kuonjezera apo mpunga wa kwathu kuno wosambira m'mafuta. Pofika giredi naini, ali ndi zaka khumi ndi zisanu, telala wa pamsika anali atakulitsa yunifomu yake katatu, ndipo ulendo wachinayi anangopukusa mutu nati nsalu yathera pomwepo. A Tisiyenji akamuona mwanayo akubwera mumsewu, mtima wawo unkakhala pansi. "Uyu ndiye munthu," ankatero. "Apa palibe wolozapo mlomo."

Koma mwini thupi sankakondwa. Monalisa ankakonda mpira wa manja kuposa chilichonse, ndipo dzanja lake silinkaphonya golo, koma mawondo ankamupweteka, ndipo akathamanga theka la bwalo ankapuma ngati mvukuto. Tsiku limene timu ya sukulu inakwera lole kupita kumpikisano ku Lundazi, iye anatsala pansi, fumbi la lole likumuthira kumaso. Anafika kunyumba misozi ili chuchuchu.

"Amama," anatero kwa amake, "ndifuna ndichepeko thupi. Ulendo wa mu Seputembala ndikwera nawo lole ija."

Amakewo ndiwo ngwazi yachiwiri ya nkhani ino: a Cathrine, namwino wa pachipatala, Mwana wa ku Kabwe, Mwini Jakisoni, Wovala Zoyera m'Dziko la Fumbi, iwo amene ngakhale amuna a ndevu zawo ankamasula okha malamba akangowaona atanyamula thileyi. Mayiwa anamva kulira kwa mwana wawo, ndipo m'malo mofunsa anthu a m'chigwa kuti munthu amadya chiyani kuti akhute osanenepa, anakafukula m'sutikesi magazini ina yakale ya ku Lusaka, yokhala ndi zithunzi za akazi oonda ngati misichi. Lamlungu masana, anthu atabwerako kutchalitchi, anaimirira pakhonde nalengeza lamulo.

"Imvani nonse a m'nyumba muno! Kuyambira mawa, m'kabakuli ka mwana wanga muzilowa izi: nkhaka yodula mapisi asanu, theka la dzira lowiritsa, ndi tomato mmodzi. Mafuta ayi. Shuga ayi. Zitumbuwa ndazipitikitsa pakhomo pano mpaka mbadwo wachitatu!"

A Tisiyenji anadzuka pamphasa pang'onopang'ono, chitenje anamanga pamwamba pa mimba monga amachitira popita kokapuntha mpunga, nayankha ndi mawu amene anaulutsa nkhunda padenga.

"Mulamu! Theka la dzira? Nanga theka linalo mukusungira Khirisimasi? Nkhaka n'chakudya cha munthu kapena cha mbira? Ine ndinabadwira m'chigwa chino, ndinadya chimanga chachikasu, ndinadya mizu ya m'tchire, koma njala yochita kuitanitsa kuchokera ku Lusaka ndikuiona lero! Mwana uyu ndi wa a Goma. Akaonda azinena ife, osati a kwanu ku Kabwe!"

"Mwanayu ndinabereka ndine, mulamu," anatero a Cathrine, "ndipo sukulu ya za m'thupi ndinapita ndine. Inu muzingosesa pabwalo."

Apa a Tisiyenji anafuna kutchula dzina la Jestina, koma anadziletsa. M'malo mwake anatukwana nkhaka, anatukwana amene anaibzala, ndi amene anaithirira omwe. Kenako onse awiri anatembenukira kwa a Albert kuti aweruze. Mkulu ameneyu, podziwa kuti njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, anakweza wailesi nati akumvetsera mitengo ya feteleza.

Lolemba m'mawa ng'oma ya nkhondo inalira. Monalisa anatuluka ndi kabakuli kopepuka ngati mulibe kanthu, amake ataima pakhonde ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Koma Mvuu ya ku Tembwe inali itadzuka kale. Kuseri kwa mtengo wa bwemba, pamene njira ya kusukulu imakhotera, a Tisiyenji anabisala, m'chitenje muli zitumbuwa zinayi zamoto zokulunga m'nyuzipepala.

"Psss! Mona! Tenga, mwana wanga. Udye zonse."

"Ankhazi, amama anena kuti..."

"Amako anena, ine ndaphika. Manje chokhutitsa n'chiti, kunena kapena kuphika? Tenga msanga!"

Ankhazi ndi mmene ana a kuno amaitanira mlongo wa atate awo, ndipo ankhazi sakanidwa. Monalisa ananjuta, analandira ndi manja awiri, naponya m'chikwama.

Sabata yoyamba Mvuu inayenda mutu uli m'mwamba. Koma mafuta ndi mboni yosalandira chiphuphu. Lachisanu a Cathrine anatsegula kope la masamu la mwana wawo napeza masamba ake akuonekera kuseri ngati galasi, moti munthu ankatha kuwerenga samu za Lolemba ali pa tsamba la Lachitatu. Ananunkhiza kamodzi, nadziwa. Tsiku lomwelo botolo la mafuta linatsekeredwa m'wadiropu, kiyi n'kumangiriridwa pa lamba wa yunifomu, ndipo chiwaya, chida chachikulu cha adani, chinagwidwa ukapolo n'kukankhiridwa pansi pa bedi.

Kodi mukuganiza kuti a Tisiyenji anagonja? Aaa, ndiye kuti simuwadziwa! Anasinja mtedza mpaka mapewa kuwawa, nafinya okha mafuta monga ankachitira makolo, nayamba kukazingira m'phale kuseri kwa khola la nkhuku. Vuto linangotsala lotulutsa katunduyo pabwalo, poti a Cathrine ankasecha aliyense wodutsa pachipata. Zitumbuwa zinatuluka m'ambulera yopinda mwezi wa Juni, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Zinatuluka pansi pa duku, mafuta akuyenderera kuseri kwa khutu, eni ake akupereka moni wa nkhope yoyera. Tsiku lina, njira zonse zitatsekedwa, zinatuluka m'thumba la jekete ya a Albert iwo osadziwa, ndipo agalu atatu anawaperekeza mwaulemu mpaka pabwemba, pamene mlongo wawo anawaimitsa, nawapisa m'thumba, nawauza kuti apitirize ulendo. A Albert sanafunse kanthu. Munthu wofuna kukalamba safunsa.

Pakutha pa mwezi a Cathrine anatenga mwana wawo kukamukweza pa sikelo ya kuchipatala, a Tisiyenji akutsatira pambuyo, akuseka chamumtima. Monalisa anavula nsapato nakwera. Muvi wa sikelo unagwedera, unagwedera, n'kuima. Makilo awiri anali atachoka.

"Aleluya!" anafuula a Cathrine. "Mwaiona mphamvu ya nkhaka, mulamu?"

"Sikelo imeneyi ndi yabodza," anatero a Tisiyenji. "Yazolowera kuyeza odwala."

Komabe anaonjezera asilikali. Zitumbuwa zinayi zinakhala zisanu ndi chimodzi, ndipo m'ufa anayamba kuswera dzira, nkhuku zikuonerera. Mwezi wachiwiri sikelo inachotsanso makilo awiri. Wachitatu, limodzi ndi theka. Siketi imene telala anailephera inayamba kufuna pini m'chiuno, ndipo a Cathrine anayamba kuyenda ndi magazini ija m'chikwama, kuonetsa anamwino anzawo.

Apa nthabwala ndiziike kaye pansi. Tsiku lina a Tisiyenji akugula tomato pamsika, mayi wina wogulitsa kapenta anawakodola nafunsa motsitsa mawu: "NyaGoma, mwana wa aSisita uja ali bwino? Tikumuona ngati akutha." Kenako anangokweza nsidze, mnzake wa pambali n'kuyang'ana pansi. A Tisiyenji anayamba kulingalira: zitumbuwa zisanu ndi chimodzi tsiku lililonse, za dzira, za mafuta a mtedza, koma mwana akutha. Nkhaka ingagonjetse zitumbuwa zisanu ndi chimodzi? Bodza limenelo. Jestina nayenso anayamba choncho, kudya akudya, thupi likupita. Anachita mantha, mantha enieni, moti tomato uja anamusiya pomwepo. Sanauze munthu. Anangoyamba kumuyang'anitsitsa mwanayo akamamwa madzi, ndi kutchera khutu kuti amve ngati akutsokomola.

Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanayambe kulira maliro a munthu wamoyo, anatsimikiza zokaona ndi maso awo zitumbuwazo zikulowa m'kamwa. Lachitatu m'mawa anapereka mtolo pabwemba monga mwa masiku onse, kenako anatsatira patali, nakabisala kuseri kwa chulu cha pafupi ndi bwalo la mpira. Anakhala pamenepo maola atatu. Linthumbu zinawapeza, zinakwera, zinaluma pamene munthu sangakande pagulu, koma Mvuu ya ku Tembwe, Mwana wa Osagwedezeka, sinasunthe ngakhale chala.

Chitsulo cha buleki chitalira, anamuona Monalisa akupita pansi pa mtengo wa msikidzi, nakhala pafupi ndi Madamu Tryness Zimba a ku Chikwa, mphunzitsi wa mpira wa manja. A Tisiyenji ankawadziwa Madamuwa. Chaka chathachi Madamuwa anali oonda ngati bango, oti mphepo ya Ogasiti inkawakhotetsa njira. Koma lero taonani! Masaya ali phuliphuli, khosi lili ndi mizere iwiri, mabatani a bulauzi akupempha chifundo.

Ndipo pamaso pa Mvuu panachitika chiwembu chimene mbiri ya Chama inali isanachionepo. Monalisa anatulutsa mtolo wa zitumbuwa napereka kwa Madamu ndi manja awiri. Madamu anatulutsa kapoto kakuda kophwanyika m'mbali napereka kwa Monalisa. M'kapotomo munali nzama zophika ndi kamchere, mbatata ziwiri zosasenda, ndi masawu odzaza dzanja. Mtsikana uja anayamba kudya mosathamanga, akunyambita zala. Nanga kabakuli ka buluu, kamene anthu anadanirana miyezi itatu? Theka la dzira analiponya m'kamwa ngati piritsi, ndipo nkhaka ndi tomato anakakhuthulira mbira za sukulu, zimene zinali zitanenepa mpaka kumakakamira pakhomo pa khola lawo.

"Mayooo! Akubaaa! Zitumbuwa zangaaa!"

A Tisiyenji anatulukira kuseri kwa chulu, linthumbu zikuyoyoka m'chitenje. Ana a sukulu anabalalika mbwee. A hedi anadzitsekera mu ofesi poganiza kuti njovu yalowa m'munda wa sukulu. Mfuuwo unamveka mpaka kuchipatala, ndipo a Cathrine, pozindikira mawu a mlamu wawo, anafika akuthamanga, thileyi ili m'manja.

"Inu Madamu, mwana wa a Zimba!" anabangula a Tisiyenji, chala chili m'mwamba. "Ine kusinja mtedza mpaka mapewa kuphwanyika, ine kukazingira m'phale kuseri kwa khola ngati mfiti, ine kudyedwa ndi linthumbu ndili wamoyo, ati ndikudyetsa magazi a Goma, chonsecho ndikunenepetsa a ku Chikwa! Lavulani! Lavulani zonse za miyezi itatu!"

"Zitumbuwa ziti?" anafunsa a Cathrine akupuma wefuwefu. "Mafuta si ndinatsekera ine?" Kenako maso awo anagwera pakhola, pamene mbira yaikulu inkatafuna modekha nkhaka yodula bwinobwino ndi mpeni wa ku Kabwe. "Ambuye wanga! Nkhaka zanga!"

Akazembe awiriwo anayang'anana kukamwa kuli yasa. Miyezi itatu ya nkhondo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene chakudya chake chinafika kumene chinkatumizidwa, kupatula theka la dzira lija.

Monalisa anaika kapoto pansi nagwada pakati pawo.

"Amama, ankhazi, mundikhululukire. Nkhaka zanu, amama, ndinayesa masiku atatu. Ikamakwana teni koloko m'mimba munkalira mpaka aphunzitsi a masamu ankatembenuka, ndipo pabolodi ndinkaona manambala awiriawiri. Zitumbuwa zanu, ankhazi, n'zokoma, Chama yonse palibe wokazinga ngati inu. Koma ndikadya ndimaodzera m'kalasi, pakangopita maola awiri njala yabweranso. Manje nzama za Madamu ndikadya pa buleki ndimafika nazo madzulo ndikuthamanga. Kukana ankhazi sindingathe. Kukana amama sindingathe. Ndikanatani?"

Madamu Tryness anameza chimene chinali m'kamwa, napukuta zala pa nyuzipepala, naimirira.

"Amama NyaGoma, nane ndinene. Ine ndinabadwa woonda, kwathu tonse ndife mabango. Koma chaka chatha anthu anayamba kundinena. Makolo ena anauza ana awo kuti asamamwere kapu imene ndamwera ine. Kutchalitchi benchi yanga inkakhala ndi malo mbali zonse ziwiri. Mwana uyu atandiuza kuti ali ndi zitumbuwa zimene sakuzifuna, ine ndinali ndi nzama zimene ndinatopa nazo, tinangosinthana. Zitumbuwa zanu zandibwezera moni wa pamanja. Ndinadya, sindikana, ndipo ndinadya mokondwa."

Chala cha a Tisiyenji chinatsika chokha. Benchi yotereyo ankaidziwa, poti anakhalapo ndi mwana wawo Lamlungu lililonse kwa chaka chathunthu. Anatembenukira kwa Monalisa, namudzutsa, namugwira pamkono, ndipo mawu amene anatuluka sanali a Mvuu ayi, anali a mayi wamantha.

"Mona, undiuze zoona pamaso pa amako. Sukudwala?"

"Kudwala chiyani, ankhazi?"

"Sutsokomola? Sutsegula m'mimba? Pamsika akuti ukutha. Jestina wanga..."

A Cathrine anaika thileyi pansi. Mayi amene tsiku ndi tsiku ankasambitsa odwala matenda omwewo anazindikira tsopano chimene ankamenyana nacho miyezi itatu yonseyi, ndipo anachita manyazi.

"Mulamu, bwanji simunanene? Ine ndimayesa mukungolimbana nane. Mwanayu ndimamuona m'mawa ndi madzulo ndi maso a unamwino, alibe kanthu. Kuonda kulipo kuwiri, mulamu. Kwina munthu mphamvu zimamuthera, kwina zimamubwerera. Uyu zikumubwerera, ndipo si chifukwa cha magazini yanga."

Pamenepo a hedi, atatsimikiza pazenera kuti njovu kulibe, anatuluka akukonza tayi nati nkhondo yathera pabwalo lawo, choncho mtendere ausindikiza iwo. Analamula kuti bolodi litulutsidwe panja, natumiza uthenga ku ofesi ya zaulimi kuti a Albert abwere adzakhale mboni. Umu ndi mmene linalembedwera, ndi choko cha boma, Pangano la Pansi pa Msikidzi.

Choyamba, kabakuli ka buluu kanachotsedwa m'manja mwa magazini n'kuperekedwa kwa a Tisiyenji, poti ndiwo odziwa kamba wa kumunda, amene amagwira m'mimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Iwo anayamba kutchula okha ngati mkulu wa asilikali akuitana mayina: nzama, khobwe wophika pamodzi ndi chimanga chokonola, mbatata, mphonda ndi maungu, mpunga pang'ono, nyemba zambiri, chisoso pamwamba, kapenta wootcha, papaya, masawu ndi magwafa nyengo yake ikakwana, madzi a bwemba osathira shuga. Dzira likhale lathunthu, "poti nkhuku sinaikirepo theka." Mtedza wokazinga ukhale wodzaza dzanja limodzi, ndipo apa panabuka kankhondo kena ka mphindi khumi, kofuna kudziwa kuti dzanjalo ndi la yani, mpaka a hedi anagamula kuti ndi la Monalisa, osati la ankhazi. Nkhaka inaloledwa kukhalamo ngati mlendo, osati ngati mwini nyumba.

Chachiwiri, chiwaya chimasulidwe pansi pa bedi, ndipo Monalisa azidya chitumbuwa chimodzi Lamlungu, poyera, atakhala pampando, osati kuseri kwa bwemba ngati wakuba. Chachitatu, Madamu Tryness, pokhala munthu amene ananyamula katundu wolemera wa nkhondoyi m'thupi mwawo, azilandirabe zitumbuwa tsiku lililonse. "Ziwiri," anatero a Cathrine. "Osati sikisi, mungadzandipeze kuchipatala magazi akuthamanga." Oluza nkhondo anali mbira zokha, ndipo palibe amene anazifunsa maganizo.

Tsono mtendere wotere sungangopita chopanda mwambo. A hedi analamula kuti sikelo yoyezera chimanga cha m'munda wa sukulu ipachikidwe panthambi ya msikidzi, ndipo aliyense wokhudzidwa ndi nkhondoyi ayezedwe atakhala m'thumba, kwaya ikuimba. Anayamba ndi a Albert. Zinapezeka kuti mkuluyu, amene palibe anamuletsa mafuta kapena kumupatsa nkhaka, anali atataya makilo atatu chifukwa chodya pakati pa mizinga iwiri. Madamu Tryness atakwera, muvi unathamanga, ana n'kuimba nthungululu. Mbira yaikulu nayo inayezedwa, niomberedwa m'manja. Koma a Tisiyenji atangolowetsa mwendo umodzi m'thumba nthambi inalira, ndipo a hedi analengeza mwachangu kuti malinga ndi malamulo a unduna, Mvuu siyezedwa.

Kenako Madamu anaimba wezulo. "Monalisa! Aonetse ankhazi ako."

Mtsikana uja anavula nsapato nalowa m'bwalo. A Tisiyenji anaima m'mbali, manja ali pachifuwa, akudikira kuti atsokomole, akudikira kuti agwe. Monalisa anazungulira bwalo kamodzi. Anazunguliranso kachiwiri, fumbi likutsalira m'mbuyo. Mnzake anamuponyera mpira, iye anadumpha, anauwakha m'mwamba, anatembenuka, naulowetsa m'golo osakhudza chitsulo. Sukulu yonse inakuwa. Sanatsokomole, sanagwe. Anabwera akuthamangabe, thukuta lili kamukamu, naima pamaso pa ankhazi ake akuseka.

"Ankhazi, ndili ndi njala. Yatsala mbatata ija?"

A Tisiyenji anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, pamaso pa a hedi, pamaso pa mlamu wawo, pamaso pa sukulu yonse. Miyezi isanu ndi umodzi yomaliza ya Jestina, iwo ankaphika chilichonse chimene chigwa chino chimabala, n'kukhala pambali pa mphasa ndi mbale m'manja kudikira mawu amenewo, koma sanawamve.

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, napisa m'kapoto ka Madamu, natulutsa mbatata yotsala ija. A Cathrine anatsegula pakamwa kuti anene kuti khoko lake ndi lothandiza m'mimba, koma anatsekanso. Mvuu ya ku Tembwe inasenda mbatatayo pang'onopang'ono, inaiika m'manja mwa mwana, ndipo inamuyang'ana akudya mpaka anamaliza.